Mafunso ndi Mayankho: Kakomedwe ka Vinyo Wofiira Wapamwamba ndi Kusunga Kwake

Munthu akapatsidwa botolo la vinyo wofiira wodula, funso loyamba limakhala lakuti atsegule lero kapena asunge. Funso limenelo ndi lovuta kuliyankha tisanadziwe zimene zili m'botolomo, choncho tiyambire m'kamwa.

N'chifukwa chiyani vinyo wina wofiira amaumitsa m'kamwa ngati ndatafuna nthochi yosapsa?

Amachititsa zimenezi ndi tanini. Madzi a mphesa zambiri, ngakhale zakuda bii, amakhala oyera mukangozifinya. Kuti vinyo afiire, opanga amasiya makoko ndi njere m'madzimo kwa masiku angapo, nthawi zina milungu itatu kapena inayi, pamene yisiti akusandutsa shuga kukhala mowa. M'makokomo ndi mmene mumachokera mtundu wofiira, ndipo m'makoko ndi m'njere ndi mmene mumachokera tanini. Tanini akafika m'kamwa amagwirana ndi mapuloteni a m'malovu, malovu aja n'kusiya kuterera. Ndiye mumamva nkhama ndi lilime zitauma gwaa, ngati mmene zimakhalira mukamwa tiyi amene masamba ake akhalitsa m'madzi.

Kuuma kumeneku si vuto. Chofunika kumvetsera ndi mtundu wake. Tanini wa mphesa zothyoledwa zisanapse bwino amakhakhala ndiponso amawawa kukhosi. Wa mphesa zakupsa amagwira lilime mwamphamvu koma mosalala, ngati ufa wosefa bwino. Mukaphunzira kusiyanitsa awiriwa, mwadziwa kale gawo lalikulu la nkhani yonse ya kusunga vinyo.

Ndimamva anthu akutchula fungo la zipatso, tsabola, fodya ngakhale chikopa. Kodi zinthu zimenezi amazithira m'vinyo?

Ayi. Vinyo wapamwamba amapangidwa ndi mphesa basi, pamodzi ndi yisiti ndi sulfite pang'ono womuteteza. Fungolo limachokera ku mphesa zenizenizo, ku kuwira kwa yisiti, ku mgolo wa matabwa umene vinyo amakhwimiramo, ndiponso ku zaka zimene vinyo wakhala m'botolo.

Ndipo sikuti olawa amangopeka. Fungo la tsabola wakuda limene limamveka mu vinyo wa mphesa zotchedwa Syrah limachokera ku chinthu chotchedwa rotundone, chomwenso chili mu tsabola wakuda weniweniyo. Pali anthu ena amene mphuno zawo sizichimva m'pang'ono pomwe, choncho mnzanu akanena kuti akumva tsabola inu osamva kanthu, palibe amene akunama. Fungo la tsabola wobiriwira wosawawa limene limapezeka mu mphesa za Cabernet Sauvignon zosapsa mokwanira limachokera ku ma pyrazine, omwe amachepa mphesa zikalandira dzuwa lokwanira. Kafungo ka vanila kamachokera ku thabwa la mgolo.

Ndingadziwe bwanji kuti vinyo amene ndikumwayu ndi wapamwamba?

Ine ndimayang'ana zinthu zitatu, ndipo choyambacho chimaposa zinazo.

Choyamba ndi kugwirizana. M'vinyo wofiira muli zinthu zinayi zimene zimakokana: kukoma kwa chipatso, kuwawasa kwa asidi, kugwira kwa tanini ndi kutentha kwa mowa. Mowa wake nthawi zambiri umakhala pakati pa 12 ndi 15 peresenti. Chimodzi chikatulukira pamwamba pa zinzake, mwachitsanzo mowa ukamaotcha kukhosi kapena fungo la thabwa likaphimba mphesa, vinyoyo ndi wopendekeka. Asidi akachepa vinyo amakhala wolemera ndi wotopetsa, tambula yachiwiri simuifuna. Asidi wokwanira mumamudziwa chifukwa malovu amabwerera okha m'mbali mwa lilime mukangomeza.

Chachiwiri ndi kutalika kwa kakomedwe. Mezani, tsekani pakamwa, muwerenge mumtima. Vinyo wamba amazimiririka musanafike pa 5. Wapamwamba amakhalabe, nthawi zina mpaka theka la mphindi kapena kupitirira, ndipo chotsalacho chimakhala chokoma, osati kuwawa.

Chachitatu ndi kusinthasintha. Mukanunkhiza koyamba mumamva china, pakapita mphindi 20 mwamva chinanso, ndipo mumapezeka mukubwezera mphuno m'tambula musanaganize n'komwe.

Ambiri amakonda kupukusa tambula n'kumayang'ana timizere totsetsereka m'mbali mwake, amati imeneyo ndiyo mbendera ya vinyo wabwino. Timizere timeneti timangosonyeza kuchuluka kwa mowa ndi shuga. Chimodzimodzinso botolo lolemera, lobooka kwambiri kunsi, la pepala lonyezimira: chikomekome cha mkuyu, m'kati mungathe kupeza nyerere.

Kodi n'zoona kuti vinyo aliyense amakoma kwambiri akakhalitsa?

Si zoona, ndipo bodza limeneli lawonongetsa mabotolo ambiri. Vinyo wochuluka wa padziko lapansi amapangidwa kuti amwedwe m'chaka chimodzi mpaka zitatu. Ubwino wake wonse uli mu kukoma kwa chipatso chatsopano, ndipo chinthu choyamba chimene zaka zimachotsa ndi chipatso chomwecho. Beaujolais Nouveau wa ku France, wopangidwa ndi mphesa za Gamay, amatuluka Lachinayi lachitatu la Novembala, patangopita milungu yochepa mphesa zitathyoledwa. Ameneyu ndi womwa m'miyezi yochepa, ndipo kumusunga zaka 10 n'kumutaya.

Zaka siziwonjezera chimene munalibe m'botolo. Vinyo amene anali wopyapyala ali mwana amakalamba ali wopyapyala. Amene anali ndi tanini wowawa wa mphesa zosapsa, chipatso chake chimatha tanini uja akadalipo, n'kutsala madzi ouma okhaokha. Chimene zaka zimachita ndi kusinthanitsa: mumapereka kukoma kwa chipatso chatsopano, n'kulandira fungo lina limene silipezeka mwanjira ina iliyonse. Ena akalawa vinyo wa zaka 30 amakhumudwa chifukwa ankayembekezera chipatso chambiri kuposa cha vinyo wamng'ono. Palibe cholakwika kukonda vinyo wamng'ono. Ndi bwino kulawako wakale kamodzi musanayambe kusunga, kuti mudziwe ngati mumakonda chimene mukudikiracho.

Nanga m'botolo lotseka mumachitika chiyani zaka zonsezo?

Mumachitika zambiri, koma mwakachetechete. Tanini ndi zinthu zopatsa mtundu zimagwirana pang'onopang'ono. Zina zimalemera n'kutsikira pansi, ndiyo nsenga imene mumaiona m'botolo lakale. Kugwira kwa tanini kumafewa. Asidi ndi mowa zimasakanikirana n'kupanga fungo latsopano. Kampweya kochepa kamene kanatsekeredwa m'khosi mwa botolo, ndi kena kochokera m'chitsekerero, kamathandiza kuti zonsezi ziyende.

Mungathe kuona zaka ndi maso. Thirani vinyo pang'ono m'tambula, muipendeketse pamwamba pa pepala loyera, muyang'ane m'mphepete mmene vinyo wapyapyala. Wamng'ono amakhala wofiira modera, m'mphepete mwake mukuoneka ngati papo. Wa zaka 10 kapena 15 amayamba kuoneka ngati njerwa yootcha. Wakale kwambiri amayera m'mphepete n'kumapita ku bulauni. Vinyo wofiira amayererako akamakula, pamene woyera amaderako.

Fungo nalo limasamuka. Chipatso chatsopano chimasanduka ngati chipatso chouma, kenako kumabwera fungo la masamba onyowa a m'nkhalango, bowa, fodya wouma, chikopa, thabwa la mkungudza. Kwa ine, nthawi yabwino koposa ndi ija pamene zonse ziwiri zilipo, chipatso chisanatheretu koma fungo lakale litafika kale.

Chimene chimanyamula vinyo pa ulendo wonsewu ndi tanini, asidi ndi kuchuluka kwa chipatso. Tanini ndi asidi amamuteteza, pamene chipatso chiyenera kukhala chambiri moti chikhalepobe tanini akadzafewa.

Ndi mphesa ziti zimene vinyo wake amapirira zaka zambiri?

Cabernet Sauvignon ndiye wotchuka. Mphesa zake ndi zazing'ono, za makoko okhuthala, choncho tanini amachuluka. Akatswiri a ku yunivesite ya California ku Davis atayeza DNA m'ma 1990 anapeza kuti makolo ake ndi Cabernet Franc ndi Sauvignon Blanc. Ku Médoc, m'chigawo cha Bordeaux ku France, imabzalidwa pa nthaka ya nsangalabwi imene simasunga madzi ndipo imasunga kutentha, kenako amaisakaniza ndi mphesa ina yotchedwa Merlot kuti ifeweko. Vinyo wabwino wa kumeneko amatha zaka 20, 30, ena kupitirira apo. Tsidya lina la mtsinje, ku Pomerol, kumene kuli dongo, Merlot ndiye amalamulira, ndipo vinyo wotchuka wotchedwa Pétrus amachokera kumeneko.

Nebbiolo wa ku Piemonte, kumpoto kwa Italy, amanamiza maso. Mtundu wake ndi wowala, mungaganize kuti ndi vinyo wofatsa, koma tanini ndi asidi wake ndi woopsa. Lamulo limati Barolo, vinyo wopangidwa ndi Nebbiolo, asagulitsidwe asanakwane miyezi 38, ndipo 18 mwa imeneyo akhale mu mgolo. Wolembedwa Riserva amadikira miyezi 62. Ngakhale atatuluka, Barolo wabwino amafunabe zaka zina zingapo. Ndi vinyo amene ndimamukonda kwambiri akakhwima, chifukwa cha fungo lake la maluwa a rozi ouma losakanikirana ndi la phula.

Brunello di Montalcino wa ku Toscana, ku Italy komweko, amapangidwa ndi mphesa ya Sangiovese yokhayokha, amakhala zaka zosachepera 2 mu mgolo, ndipo amagulitsidwa kuyambira Januwale wa chaka chachisanu chitatha chokolola. Ku Rioja, ku Spain, mphesa yaikulu ndi Tempranillo, ndipo pepala la botolo limakuuzani zaka: Crianza wakhala zaka 2, Reserva 3, Gran Reserva 5. Ubwino wa Rioja ndi wakuti wopanga wakudikirirani kale gawo lalikulu.

Pinot Noir wa ku Bourgogne, ku France, ali ndi tanini wochepa, koma wa m'minda yabwino amakhalitsa chifukwa cha asidi. Syrah wa ku Hermitage ndi Côte-Rôtie, m'chigwa cha Rhône ku France komweko, nayenso amapirira, chimodzimodzi mbale wake wa ku Australia amene amamutcha Shiraz.

Mbiri ya Penfolds Grange, vinyo wotchuka wa Shiraz wa ku Australia, imaphunzitsa bwino nkhaniyi. Max Schubert, wopanga vinyo wa kampani ya Penfolds, anakaona mmene amapangira vinyo ku Bordeaux, ndipo mu 1951 anayamba kuyesa kupanga Shiraz woti adzakhale zaka zambiri. Amene anamulawa ali wamng'ono sanamukonde, mpaka mu 1957 akuluakulu a kampani analamula kuti asiye. Iye anapitiriza mobisa kwa zaka zitatu. Mabotolo oyamba aja atakhwima, anthu anazindikira chimene ankafuna, ndipo mu 1960 anamulola kuyambiranso poyera. Anamuweruza nthawi isanakwane.

Mgolo umathandiza chiyani?

Migolo ya vinyo wapamwamba imapangidwa ndi mtengo wa oak. Wa ku Bordeaux umalowa malita 225, wa ku Bourgogne 228. Thabwa limalowetsa mpweya pang'onopang'ono, zimene zimafewetsa tanini ndi kukhazikitsa mtundu. Mgolo watsopano umapatsanso fungo: oak wa ku France amapatsa kafungo kofatsa ka zonunkhiritsa, wa ku America amapatsa vanila wambiri ndi fungo la kokonati. M'kati mwa mgolo amawaulamo ndi moto, n'chifukwa chake vinyo wina amamveka khofi kapena utsi. Mgolo ukagwira ntchito kangapo fungo limatha, umatsala kungopumitsa vinyo.

Mgolo watsopano ndi wodula, ndipo ena amaugwiritsa ntchito kubisa mphesa zopanda mphamvu. Ngati mukumva thabwa lokhalokha, musayembekezere kuti zaka zidzakonza.

Chaka cholembedwa pabotolo chimatanthauza chiyani, ndipo chili ndi ntchito?

Ndi chaka chimene mphesa zinathyoledwa, osati chimene vinyo anathiridwa m'botolo. Chili ndi ntchito kwambiri m'madera amene nyengo imasinthasintha. Chisanu cha kumayambiriro kwa nyengo chingaphe mphukira, matalala angaswe zipatso, mvula ya nthawi yokolola ingadzaze mphesa ndi madzi n'kuziwoletsa. Ku Bordeaux zaka za 1945, 1961, 1982, 2005, 2009, 2010 ndi 2016 zimatchulidwa ngati zabwino kwambiri, pamene 2013 inali yovuta. Mu 2003 ku Ulaya kunatentha koopsa, ndipo mphesa zambiri zinapsa msanga n'kutaya asidi.

Komabe chaka chovuta sichitanthauza vinyo woipa. Wopanga wosamala amataya mphesa zowola n'kupanga vinyo wochepa, wopepuka, womwa msanga. Ine ndingasankhe wopanga wabwino m'chaka chovuta kusiyana ndi wopanga wosasamala m'chaka chotchuka.

Kodi dzina lotchuka ndi mtengo wokwera ndi umboni wa ubwino?

Mbali ina inde, mbali ina ayi. Mu 1855, pokonzekera chionetsero chachikulu cha ku Paris mu ulamuliro wa Napoleon III, amalonda a vinyo a ku Bordeaux anaika minda yotchuka m'magulu asanu potengera mitengo imene vinyo wake ankagulitsidwira. M'gulu loyamba munali Lafite, Latour, Margaux ndi Haut-Brion. Mouton Rothschild anakwezedwa kulowa m'gululo mu 1973. Mndandandawo ukugwirabe ntchito, ngakhale kuti minda yasintha eni ake ndi malire kambirimbiri.

Mu 1976 Steven Spurrier, wamalonda wa ku England, anasonkhanitsa akatswiri a ku France mumzinda wa Paris kuti alawe vinyo osaona mapepala a mabotolo. Pa vinyo wofiira anapambana Cabernet Sauvignon wa 1973 wa Stag's Leap Wine Cellars wa ku California, kuposa Mouton Rothschild ndi Haut-Brion. Ena anati vinyo wa ku California sadzakhalitsa. Atabwereza mpikisanowo mu 2006, patapita zaka 30, woyamba anali Ridge Monte Bello wa 1971, wa ku California yemweyo.

Pamwamba penipeni mtengo umatsatira kusowa. Munda wa Romanée-Conti ku Bourgogne sukwana n'komwe mahekitala awiri, ndipo mu 1945 unatulutsa mabotolo pafupifupi 600 okha. Limodzi mwa iwo linagulitsidwa madola 558,000 pa okushoni ya Sotheby's ku New York mu 2018. Ndalama zoterozo zimagula mbiri, osati kakomedwe kokha. Zimakopanso akuba: Rudy Kurniawan anamangidwa ku America mu 2012 chifukwa chodzaza vinyo wina m'mabotolo a mayina akuluakulu, ndipo anaweruzidwa kukhala m'ndende zaka 10.

Ndisunge bwanji?

Mdani wamkulu ndi kutentha. Malo abwino ndi a madigiri 12 mpaka 14, koma chofunika koposa n'chakuti kutenthako kusamakwere ndi kutsika. Vinyo akatenthedwa amafufuma n'kukankha chitsekerero, akazizira amakoka mpweya. Ndinagulapo mabotolo awiri a Rioja kwa wogulitsa wina amene ankawaika pafupi ndi windo. Nditachotsa kachitsulo ka pakamwa ndinapeza chitsekerero chitatukuka pang'ono, m'mbali mwake muli kamzere konata ka vinyo wouma. M'tambula ankanunkha ngati zipatso zophikidwa mopitirira. Zinandipweteka mtima, chifukwa anali vinyo amene anthu anamusamalira zaka zisanu, n'kuwonongeka m'milungu yochepa.

Sungani mumdima, pamalo osagwedezeka, kutali ndi mbaula ndi pamwamba pa firiji. Botolo la chitsekerero cha cork (khungwa la mtengo) ligone chammbali kuti chitsekererocho chisaume. Mpweya wa pamalopo ukhale wachinyezi ndithu, pafupifupi 70 peresenti. Firiji ya zakudya ndi yozizira komanso youma mopitirira, ndi yabwino kwa milungu yochepa chabe. Ngati mulibe malo ozizira odalirika, musagule vinyo woti mudikire zaka 15. Gulani wokhwima kale.

Botolo lalikulu la malita 1.5, lotchedwa magnum, limakhwima mochedwa kuposa la mamililita 750, chifukwa mpweya wa m'khosi ndi wofanana koma vinyo ndi wowirikiza kawiri.

Ndidziwa bwanji kuti nthawi yotsegula yakwana?

Palibe tsiku limodzi. Vinyo wabwino amakwera, n'kukhala pamwamba zaka zingapo, kenako amatsika pang'onopang'ono. Njira yodalirika ndi kugula mabotolo angapo a vinyo mmodzi, atatu kapena 6, n'kumatsegula limodzi pakapita chaka kapena ziwiri, mukulemba zimene mwamva. Akakhala kuti tanini akadali wolimba ndipo chipatso n'chambiri, dikirani. Tanini akafewa ndipo fungo la masamba ndi chikopa layamba, imwani otsalawo m'zaka zochepa.

Vinyo wina, makamaka wa ku Bordeaux ndi ku Rhône, amatseka pakamwa akafika zaka zapakati: fungo limabisala, n'kutsala tanini yekha. Musafulumire kunena kuti wafa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma kunena zoona, mabotolo amene ndaona atawonongeka chifukwa chodikira mopitirira ndi ambiri kuposa amene anatsegulidwa msanga. Ngati muli ndi botolo limodzi lokha ndipo mukukayika, tsegulani.

Botolo lakale ndilitsegule motani?

Liimikeni chilili tsiku limodzi kapena awiri kuti nsenga itsikire pansi. Chitsekerero chakale chimafumbutuka, choncho lowetsani chotsegulira mpaka pansi n'kukoka modekha. Chikaduka musade nkhawa, sefani vinyoyo pa kansalu koyera kopanda fungo la sopo.

Yatsani kandulo kapena tochi patebulo. Gwirani botolo kuti khosi lake likhale pamwamba pa kuwalako, muzithira m'jagi yagalasi pang'onopang'ono osaimitsa dzanja. Poyamba vinyo amadutsa ali ngwee, kuwala kukuonekera m'kati mwake psuu. Chakumapeto mudzaona kamtambo kakuda kakukwawira kukhosi kwa botolo. Imani pomwepo. Totsalato, pafupifupi theka la tambula, tisiyeni.

Vinyo wakale kwambiri musamusiye nthawi yaitali m'jagi, fungo lake lingathe kuuluka m'mphindi zochepa. Wamng'ono wa tanini wambiri ndiye amapindula ndi ola limodzi kapena awiri a mpweya. Onsewa amakoma pa madigiri 15 mpaka 18. Akafunda kuposa apo mowa umatulukira n'kuphimba zina zonse, ndipo mphindi 20 m'firiji zimathandiza.

Ndingazindikire bwanji vinyo wowonongeka?

Akamanunkha ngati katoni yonyowa kapena chipinda cha chuku, ndiye kuti chitsekerero chinali ndi kachinthu koipitsa vinyo kotchedwa TCA. Kachinthu kameneka mphuno imakamva ngakhale kali kochepetsetsa, ndipo kamapha fungo la chipatso. Sikadwalitsa, koma sikachoka ngakhale mupukuse tambula motani. N'chimodzi mwa zifukwa zimene opanga ambiri, makamaka a ku Australia ndi New Zealand, anasamukira ku zitsekerero zopotokola zachitsulo, zomwenso zimasunga vinyo bwino kwa zaka.

Vinyo wamng'ono amene wasanduka bulauni n'kumanunkha ngati apulo wodulidwa dzulo walowa mpweya. Wonunkha viniga wagwidwa ndi mabakiteriya. Fungo la khola kapena thukuta la hatchi limachokera ku yisiti wotchedwa Brettanomyces. Likakhala lochepa ena amalikonda, likachuluka limakwirira chilichonse. Timiyala tonga shuga pansi pa chitsekerero si vuto ayi, ndi asidi wa mphesa amene waundana chifukwa cha kuzizira.

Botolo ndatsegula koma silinathe. Lingakhale masiku angati?

Tsekani, muliike m'firiji chilili, ngakhale ndi vinyo wofiira. Wamng'ono wa tanini wambiri amakhala masiku atatu mpaka asanu, ndipo kawirikawiri tsiku lachiwiri amakoma kuposa loyamba, chomwenso ndi chizindikiro chabwino chakuti mabotolo anzake angathe kusungidwa. Pinot Noir ndi vinyo wina wopepuka amatha msanga, masiku awiri kapena atatu. Ngati watsala theka, muthireni m'kabotolo kakang'ono kuti kadzaze mpaka pakhosi, mpweya usapeze malo. Wa zaka 25 kapena kuposerapo, itanani anzanu mumalize usiku womwewo, chifukwa pofika m'mawa fungo lake limakhala litapita.